A Kamtedza ndi chisanu cha mwezi wa Meyi

Pa maliro a Bambo Kamtedza tinadya sipinachi wa m'firiji. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe. Amayi a kumpingo anayesetsa ndithu, anatendera ndi chiponde cha m'botolo, anathira tomato ndi anyezi, koma sipinachi ndi sipinachi basi, madzi okhaokha. Munthu amene kwa zaka zambiri ndiwo zake zinkadyetsa anamfedwa kuno kudziko la azungu, kuyambira ku Barking mpaka ku Romford, ife tinamuperekeza ndi masamba ogula m'sitolo. Mayi wina wa ku Chipata amene anakhala pafupi nane analawa kamodzi n'kuika supuni pansi. "Sembe baona ivi ba Kamtedza, sembe batikalipila tonse," anatero. Sananame.

Anamwalira mwezi wa Malichi chaka chino, ku nyumba yosamalira okalamba ku Romford. Koma ine amene ndinali neba wawo ndimaona kuti anachoka kale, zaka ziwiri zapitazo, madzulo ena a mwezi wa Meyi. Za madzulo amenewo ndi zimene ndikufuna anthu adziwe, chifukwa pamaliro paja ndinamva ena akunong'onezana kuti madalawo anazungulira mutu n'kufuna kuotcha nyumba. Mwa onse amene ankanenawo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona ndi maso. Ine ndinalipo.

Nyumba imene ndimakhala ku Barking anaigawa pawiri. Ine ndimachita lendi kachipinda kamodzi m'mwamba, koti bedi ndi kabati ya zovala zikalowa, mwini wake umayenda cham'mbali. A Kamtedza anali ndi fulati yapansi yonse, ndi kabwalo ka simenti kuseri, kosakwana kuyalapo mphasa zisanu. Zenera langa limayang'ana pa kabwalo kameneko. Iwo sankati kabwalo. Ankati kumunda.

Ku Dedza anali mlangizi wa zaulimi, wa njinga yamoto, woti akafika pamudzi amuna ankavula zipewa. Kuno anabwera kutsatira akazi awo, amene anali namwino, ndipo ntchito imene anaipeza inali yosonkhanitsa tingolo ta ogula pa sitolo ina yaikulu, kaya mvula ikugwa kaya ayi. Ulangizi wokha sanausiye pabwalo la ndege. Pamene ndinkasamukira m'nyumbamo n'kuti amayiwo atamwalira kale, iwo atapuma pa ntchito, ndipo munthu wapafupi woti azimulangiza ndinali ine.

Chilichonse chotha kusunga dothi chinali munda kwa iwo. Zigubu za mafuta ophikira zodula pakamwa, ndowa za penti, matumba a mpunga, sinki yakale imene anaitola pamsewu, ngakhale sutikesi imene anabwera nayo kuchokera kumudzi anaiboola ndi msomali n'kufesamo mpiru. Zonsezi ankangoti zitini. Munali nkhwani, bonongwe, chisoso, khwanya, tomato, ndipo pakati pa zonse panali mtengo wa tsabola wa kambuzi, umene mbewu yake inachokera kudimba kwawo ku Bembeke. Unali utakalamba, tsinde lake lonenepa ngati mpini wa khasu, ndipo nyengo yozizira ikafika unkagona m'nyumba pamodzi ndi eni ake. Pothirira ankamanga taye. Nditawafunsa chifukwa chake anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana, n'kundiuza kuti munthu sapita kuntchito ngati akupita kubafa.

Sankagulitsa ngakhale tsamba limodzi. Masamba akachuluka ankawafutsa n'kuwayanika pa mahita, moti nyumba yonse mpaka masitepe anga inkamveka fungo la mfutso, ndipo yunifomu yanga inkapita nalo kuntchito. Akangomva kuti kwagwa zovuta kwa Mmalawi kapena Mzambiya, kaya akumudziwa kaya sakumudziwa, ankavala jekete, kunyamula chikwama cha masamba n'kukakwera sitima ya mumzinda ya District. Ankanena kuti munthu wofedwa kudziko la eni, pakhosi pake sipadutsa chakudya chachilendo. Mbewu ankapereka kwa aliyense wopempha, koma unkayamba wafunsidwa ngati kupolisi: zenera lako limayang'ana kuti, dothi ulitenga kuti, zimene anakupatsa chaka chatha zinathera kuti. Ambiri ankabwera kamodzi kokha.

Za nyengo ya kuno ankalankhula ngati akunena mbala imene amaidziwa ndi kwawo komwe. Dzuwa la mu Epulo ankati ndi labodza, limakuvula juzi kuti uone zakuda. Ankandiphunzitsa, ngakhale sindinawapemphe, kuti usiku wa mitambo mlimi agone tulo, koma kumwamba kukayera, mphepo n'kuleka, nyenyezi n'kuoneka zonse, ndiye kuti chisanu chili m'njira ndipo chifika m'bandakucha. Ine wa ku Chikwawa ankati sindingamve zimenezi, kwathu kuzizira timakudziwa tikatsegula firiji.

Tinkakangana, ndisaname. Munthuyo anali wamakani, ine nanenso pakamwa panga si pobwereka. Tsiku lina ndinayanika yunifomu pachingwe, madzi a sopo n'kumadonthera pa tomato. Ndinaipeza pamasitepe, yonyowa, itapindidwa bwinobwino ngati yosita. Sindinawapatse moni mpaka Lamlungu, ndipo iwo ankangondisiyira kamtolo ka bonongwe pachitseko osanena kanthu. Bonongweyo ndinkadya, koma moni ayi. Mzungu wachikulire wa kuseri kwa mpanda ndiye ankalimbana naye chaka chonse, nkhani ya mphaka wake wofukula m'zitini, ndi nkhani ya ndowa ya manyowa a nkhuku imene a Kamtedza ankaviika pafupi ndi mpandawo. Pa ya manyowayo ine ndinali mbali ya mzungu.

Mkangano weniweni unali ndi Thoko, mwana wawo yekhayo, namwino pa chipatala china ku Romford. Unayamba mu Januwale, chaka cha madzulo a Meyi aja. A Kamtedza anapunthwa pa chitini cha kambuzi m'kolido ya fulati yawo n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Ndinawamva m'mawa akumenya paipi ya hita ndi nsapato. Atatuluka m'chipatala anabwera ndi chitsulo choyendera, chija cha miyendo inayi, chimene chimafuna njira yopanda chopinga. Thoko anasesa fulati yonse osasiya ngakhale kachitini kamodzi. Mtengo wa kambuzi anaukwezera kwa ine kuti ukhale pazenera langa mpaka kunja kufunde.

"Dad, ndikunena pamaso pa sisi apa kuti akhale mboni," anatero tsiku limenelo, ine nditaima pakhomo. "Chitini chimodzi chikangolowanso m'nyumba muno, kapena mukangogwanso, mukupita ku care home. Malo ndinafunsa kale, alipo."

"Muno ndidzatuluka atandinyamula," anayankha a Kamtedza, "miyendo kutsogolo."

"Zomwezo ndi zimene ndikuopa, Dad."

Thoko si mwana woipa, ndipo amene amamunena sanamuonepo akutsika basi maso ali psu ndi tulo, kudzasambitsa bambo ake iye asanakagone. Fulati yake ili pamwamba, lifiti mulibe, ana awiri amagona chipinda chimodzi. Kuwatenga sikukanatheka.

A Kamtedza imfa sankaiopa, maliro anali atapita ambiri. Chimene ankaopa chinali nyumba ya okalamba. Ankadziwa kuti ine ndimagwira ntchito mu ina yotero ku Ilford, choncho ankandifunsa mozemba, maso ali pa masamba. Kodi kumeneko munthu amatuluka panja akafuna? Kiyi amasunga ndani? Ndinkayankha kuti timawasamala bwino, zimene ndi zoona. Sindinkawauza kuti mazenera athu amatseguka mpata wongokwana dzanja, kapena kuti obwera kudzapuma pang'ono ambiri sabwerera kwawo. Koma munthu wanzeru ngati iwo amamva ndi zimene sunanene.

Panalinso china chimene tonse tinkachiona koma osachitchula. Ketulo inapezeka m'firiji. Tsiku lina anathirira m'mawa, n'kuthiriranso dzuwa lisanafike pamutu, iwo amene ankatikalipira kuti madzi ochuluka amaoletsa mizu. Pa ntchito yanga zimenezi ndimadziwa koyambira kwake ndi kothera kwake, ndipo ndinkatchera khutu ndikamva chitseko chawo chikutseguka.

Lamulo la Thoko lija ndi limene linakoka tsoka, ngakhale iye sakanadziwa. Zaka zonse mbande zinkakulira m'nyumba mpaka kumapeto kwa Meyi. Chaka chimenecho munalibe malo, choncho Epulo atafunda, a Kamtedza anachita chimene ankaletsa aliyense: anafesa ndi kuwokera zonse panja. Mtengo wa kambuzi nawonso unatsika, amuna a kumpingo n'kuuwokera mu mgolo wodula pakati, woti munthu mmodzi sangausunthe. "Ndikudziwa kuti ndikutchova juga, a Nambewe," anandiuza, akumangirira botolo la madzi pachitsulo chawo ndi chingwe. Tsiku lililonse ankayenda nacho chitsulocho pakati pa zitini, khwe, khwe, pasimenti. Zinamera mosiririka chaka chimenecho, nkhwani masamba ngati mbale.

Tsiku lake foni inachenjeza masana ndili kuntchito, kuti kukubwera chisanu cha mausiku angapo. Ndinawaimbira a Kamtedza koma sanayankhe. Ndinaimbanso, zii. Shifiti sungaithawe chifukwa cha nkhwani. Pamene ndinkatsika basi ku Barking dzuwa linali litapendeka, kumwamba kuli mbee popanda ndi kamtambo komwe, mphepo italeka, kuzizira kukulowa m'mano. Ndisanafike pakona ya msewu wathu ndinamva fungo la utsi. Ndinathamanga.

Ndinalowera pakageti ka m'mbali. Pabwalo panali ngati pamsika wa kaunjika. Chitini chilichonse chinali chitafunda: mabulangete, nsalu za pabedi, matawulo, makatani, zitenje za malemu akazi awo, ndipo mtengo wa kambuzi unali utavala jekete ya suti yawo ya kutchalitchi, mabatani omanga. M'makona anaikamo mbaula yootchera nyama ndi zitini za makala, pamwamba pa makalawo ataunjika masamba aawisi ndi makatoni onyowa. Utsi unali tolotolo, woyera, ukukwawa pansi n'kudumpha mpanda. Pakati pa utsiwo panali a Kamtedza, atavala malaya ndi taye basi, dzanja limodzi pachitsulo, lina likukupiza moto ndi chivundikiro cha poto.

Kwawo ku Dedza amatero. Anandifotokozerapo kambirimbiri kuti chisanu chikamabwera mu Juni, alimi a m'madambo amasonkha moto wa udzu wauwisi m'mbali mwa dimba kuti utsi ufunditse mbatata ndi tomato mpaka dzuwa lituluke. Koma kumeneko mnzako wapafupi ali kutsidya kwa mtsinje, ndipo akaona utsi amadziwa kuti nayenso asonkhe wake.

"Bambo, zimitsani motowu! Kuno si kumudzi, atiitanira apolisi!"

"Musaime ngati mlendo. Gwirani bulangetelo, lavundukuka."

"Nanga inu mufunda chiyani? Juzi ili kuti?"

"Ili pa tomato."

"Tiyeni tingolowetsa m'nyumba, bambo. Ndinyamula ndekha, m'mawa nditulutsa ndisanapite ku shifiti. Thoko sadziwa."

"Pangano linachitika pamaso panu," anatero osasiya kukupiza. "Mboni isanduke mbala?"

Milomo yawo inali itatuwa, manja akunjenjemera moti chivundikiro chinkagunda mbaula. Ndinavula jasi yanga kuti ndiwaveke, iwo anaikankha. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana kumaso, ndipo analankhula ndi mawu ofewa amene ndinali ndisanawamvepo.

"Amake Thoko, tatsikirani kudamboko mukazule udzu wina. Mphepo ikatembenuka titaya mzere wa kumunsiwu."

Tinayang'anizana, utsi ukudutsa pakati pathu, ndipo ndinaona maso awo akubwerera pang'onopang'ono, akuona mpanda, akuona zenera langa, akuona yunifomu yanga.

"Ndati chiyani, a Nambewe?"

"Palibe, bambo. Mwati ndigwire bulangete."

"Musandinamize. Ndakuitanani dzina la ndani?"

Nthawi yomweyo galimoto ya ozimitsa moto inalira pamsewu.

Anaimba foni anali mzungu wa kuseri uja, ndipo sindimuimba mlandu, chifukwa pamene ozimitsa moto ankalowa n'kuti nsonga ya katani imodzi itayamba kunyeka, ife osaona. Sanachedwe. Anathira madzi pa mbaula, pa zitini za makala, pa katani, ndipo madziwo anamwazikira paliponse. Utsi utatha, zofunda zonse zinali zikudontha, zitalemera n'kupsinja mbande. A Kamtedza anangoti, "Mwazipha." Ankadziwa kuti nsalu yonyowa usiku wa chisanu imaundana pamodzi ndi tsamba limene yafunditsa.

Mkulu wa ozimitsa motowo anali munthu waulemu. Anawakhazika pampando, anawafunditsa chipepala chonyezimira chosunga kutentha m'thupi, n'kugwada kuti awafunse ngati amakhala okha. Mnzake analowa m'nyumba n'kutuluka akupukusa mutu: pabedi panali matilesi okha, mazenera opanda katani. Mkuluyo anandiitanira pambali n'kundinong'oneza kuti ayenera kudziwitsa a boma osamalira anthu, ndipo anafunsa ngati pali wachibale.

"Musamuimbire Thoko," anatero a Kamtedza. Chingerezi chonong'onacho anachimva bwinobwino.

"Ndikapanda kuimba ine, aimba iwowa, bambo."

Anatseka maso. Ndinaimba.

Thoko anafika mdima ukuyamba, ozimitsa moto atapita, ali mu yunifomu, baji ikulendewera. Bambo ake anali akadali pampando panja, chifukwa kulowa m'nyumba anali atakaniratu, ndipo ine ndinali nditawafunditsa bulangete langa pamiyendo. Anaima pakageti n'kuyang'ana makala onyowa, zitenje za mayi ake zili m'matope a phulusa, katani yopsa.

"Dad, mukufuna kufa? Mundiuze lero. You want to die chifukwa cha masamba?"

"Sindinagwe," anayankha a Kamtedza, mano akugundana. "Chitini sichinalowe m'nyumba. Pangano ndasunga."

"Mwayatsa moto, Dad! Sisi amagona m'mwambamu! Lowani m'nyumba panopa. Zimenezi zife, ndikakugulirani zina ku shopu."

"Kambuzi wa ku Bembeke ukamugula shopu iti?"

"Sindisamala za kambuzi! Ndili ndi bambo mmodzi!"

Ine ndinkalingalira mumtima, koma njira sindinkaiona. Kachipinda kanga kakanalandira zitini zochepa chabe, mgolo sukanakwera masitepe, ndipo nsalu youma inali itatha m'nyumba yonse. Nyenyezi zinali zitayamba kutuluka, mpweya wathu ukuoneka pakamwa. A Kamtedza ankandiyang'ana, kudikira kuti ndimuuze Thoko za dzina lija. Ine ndinangowongola bulangete la pamiyendo yawo. Ananena okha.

"Thoko, takhala pansi." Thoko sanakhale. "Lero ndaitana amako. Ndawatuma udzu kudambo. A Nambewe amva."

Thoko anandiyang'ana, ine n'kugwetsa nkhope. Anakhala pa ndowa yovundikira, manja kukamwa.

"Malo aja unati alipo, akadalipo?"

"Dad, tisakambe zimenezo panopa."

"Ndikufunsa."

"Alipo. Anati mukhoza kupita kukapuma kaye pang'ono, muone ngati mungawakonde."

"Usandinyengerere, ndine wamkulu. A Nambewe amagwira ntchito kotero, nkhope yawo inandiuza kale." Anakhosomola, n'kuwongola taye. "Pangano linali loti chitini chikalowa, ine ndituluke. Chabwino. Lowetsani zonse."

Ndinafuna kuwakalipira. Ndinafuna kunena kuti bambo, nyumba sasinthanitsa ndi nkhwani, mwaimenyera nkhondo miyezi yonseyi kuti muipereke kwa tomato? Koma chisanu sichikanatidikira.

Tinanyamula, ine ndi Thoko, iye akulira mosabisa, dothi lonyowa likudetsa yunifomu. A Kamtedza anakhalanso mlangizi. Mawu anabwerera, amphamvu, a pa njinga yamoto. Nkhwani kubafa. Tomato pabedi, koma muyale kaye majumbo. Bonongwe kukhitchini, kutali ndi hita. Sutikesi muigwire awiri, yawola kunsi. "Iwe Thoko, chitini amagwira pansi, osati pakamwa!" Thoko, amene amalamula wodi yonse kuchipatala, anangoti, "Pepani, Dad."

Mgolo wa kambuzi unatikanika. Tinaukankha, tinaukoka, sunasunthe. Tili wefuwefu, pakageti panalowa mzungu uja akukankha kangolo konyamulira katundu. Sanapepese, a Kamtedza nawonso sanapepese. Anangotithandiza kuupendeketsa mgolowo, n'kuulowetsa mpaka m'kolido, pamalo pomwe eni ake anagwera mu Januwale. Potuluka anagwedeza mutu kwa a Kamtedza, iwo n'kugwedezanso.

Titamaliza, m'fulatimo munalibe popondetsa chitsulo cha miyendo inayi. Ngakhale ife tinkayenda modumpha. Thoko analowa yekha kukatenga mankhwala, Baibulo ndi zovala zochepa m'jumbo. A Kamtedza anaimirira, anakankha chitsulo mpaka pakhomo la kuseri, n'kusuzumira. Anayang'ana nthawi yaitali. Sanaponde mkati. Anatulukira pakageti ka m'mbali, kamene timatulutsira mabini.

Pagalimoto anapisa m'thumba n'kundipatsa kiyi.

"Mawa dzuwa likawala musapupulume kuzitulutsa. Mudikire mitambo ibwere."

"Ndamva, bambo."

"Simunamve, inu a ku Chikwawa. Mitambo."

M'mawa mwake mpanda unali woyera, madenga a magalimoto oyera. Zitenje zimene tinazisiya pansi zinali zitauma gwa, ukazinyamula zinkaima zokha. Kachitini kamodzi ka khwanya tinakaiwala kuseri kwa bini, ndipo masamba ake anali akuda, olefuka ngati owiritsa. Ndinatsegula fulati ndi kiyi uja. Munali mofunda, mukumveka fungo la dothi, tomato ali chiimire pabedi pa a Kamtedza, tsamba lililonse lili biriwiri. Ndinakhala pansi pakati pa zitini n'kulira, ndipo kulirako kunali kwaukali.

Thoko anawatengera kuchipatala kuti akawapime chifukwa cha kuzizidwa, ndipo kuchokera kumeneko anapita ku nyumba ya okalamba. M'fulati mwawo sanagonemonso. Nyengo yotentha imeneyo ndinathirira ine, mpaka eni nyumba anafuna fulati yawo. Zitini tinagawa kwa anthu a kumpingo, ndipo ambiri anazipha chaka chisanathe. Mtengo wa kambuzi anautenga Thoko. Amuna a kumpingo aja anatuluka nawo thukuta pamasitepe ake, ndipo lero uli pabalaza, ana ake amachita kuuzungulira popita kukhitchini.

Ndinkapita kukawaona ndikakhala kuti sindili pa ntchito. Chaka choyamba ankandidziwa, n'kumanyoza kapinga wa pamalopo kuti amamumeta mpala. Kenako dzina langa linawachoka, la Thoko linkabwera n'kumapita. Koma funso limodzi silinachoke. Ndikangokhala pansi ankandigwira dzanja.

"Zinapulumuka?"

"Zinapulumuka, bambo."

"Ndi kambuzi yemwe?"

"Ndi kambuzi yemwe."

"Basi, ndiye sitinataye kanthu."

Ankatero atakhala pampando wa eni, m'chipinda cha eni, kiyi wa chitseko chakunja ali m'thumba mwa mtsikana wovala yunifomu ngati yanga. Ine ndinkangovomera, koma pobwerera pa sitima ndinkakhala ndi mkwiyo wosowa woupatsa.

M'fulati yapansi tsopano muli anyamata awiri ogwira ntchito yomanga, anthu abwino, amachoka kusanache n'kubwera kutada. Kuseri satulukako. Pabwalo palibe kanthu, simenti yokha ndi bini. Koma ukayang'ana kuchokera m'mwamba umaona mizere yozungulira ya dzimbiri ndi dothi pamene panakhala chitini chilichonse, ing'onoing'ono m'mbali mwa mpanda, waukulu umodzi pakati, ndipo mvula ya zaka ziwiri yalephera kuichotsa. Sabata yatha chisanu chinabweranso. Ndinadzuka m'mawa n'kusuzumira pansi. Chinali chitagona pasimenti ponse, choyera, pa mizere yonse ija, ndipo sichinapeze choti chiwaule.